Haidrojeni ili ndi elekitironi imodzi, nanga mizere inayi ikuchokera kuti?

Anzanga, makamaka aphunzitsi a Physics amene muli muno, ndithandizeni.

Sabata yatha mu labu anatiyatsira kachubu kagalasi kokhala ndi mpweya wa haidrojeni. Ndi maso chabe kankawala mofiirira ngati pinki, koma nditasuzumira mu spectroscope (chida chogawa kuwala m'mitundu yake) ndinaona timizere titatu topyapyala pamdima: kofiira, kobiriwira, ndi kena ka buluu woderako. Kachinayi, ka 410 nm (nanomita, muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), ndinakafunafuna mpaka maso kuwawa, sindinakaone bwinobwino.

Masamu ake ndikuwamva. Mphamvu ya elekitironi pa sitepe iliyonse mu atomu ndi -13.6 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu) kugawa ndi n², pamene n ndi nambala ya sitepeyo. Ikatsika kuchoka pa 3 kufika pa 2 imataya 1.89 eV, ndiko kuwala kofiira kwa 656 nm kuja. Kuchoka pa 4 kufika pa 2 ndi 486 nm. Ndawerengera ndekha, ndipo zikugwirizana ndi njira yowerengera mizereyi imene katswiri wa masamu Balmer anapeza mu 1885.

Pamene mutu wandiima ndi apa: atomu ya haidrojeni ili ndi elekitironi imodzi yokha basi. Ndiye mizere yonseyi ikuoneka bwanji nthawi imodzi? Kodi n'chifukwa chakuti m'kachubumo muli maatomu ankhaninkhani, iliyonse elekitironi yake ikutsika mwanjira yakeyake? Ngati zili choncho, chimachititsa n'chiyani kuti elekitironi ili pa 3 iyambe yaima pa 2, m'malo mogwera mpaka pa 1 n'kutulutsa ultraviolet imene maso athu saiona?

Mayeso ndi mwezi wamawa ndipo sindikufuna kungoloweza. Chonde, wodziwa andifotokozere pang'onopang'ono.