Njovu zopanda minyanga ku Gorongosa: zachuluka bwanji, nanga bwanji ndi zazikazi zokha?

Wophunzira wa Fomu 4:
Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti ku paki ya nyama ya Gorongosa, m'dziko la Mozambique, njovu zambiri zazikazi zilibe minyanga chifukwa cha kuphedwa kwa njovu nthawi ya nkhondo. Kodi njovu ingasiye kumera minyanga poopa mfuti? Nanga zamphongo bwanji zili nayobe?

Mphunzitsi wa Biology:
Ayi mwanawe, palibe njovu yomwe inasintha thupi lake. Zopanda minyanga zinalipo kale nkhondo isanayambe, zinangokhala zochepa: pa zazikazi 100 zilizonse, pafupifupi 18 kapena 19 zinalibe. Ndi khalidwe lakumtundu, lotengera kwa make kudzera m'majini (genes), tinthu ta m'thupi tomwe timanyamula makhalidwe kuchokera kwa makolo kupita kwa ana.

Nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 itabuka, asilikali ankapha njovu kuti agulitse minyanga ndi kupeza nyama. Njovu zinatsika kuchoka pa pafupifupi 2,500 kufika pa pafupifupi 240 pofika chaka cha 2000. Wofuna minyanga sataya chipolopolo pa njovu yopanda kanthu kukamwa, motero yaikazi yopanda minyanga inali ndi mwayi wopulumuka kasanu kuposa inzake. Nkhondo itatha, 51 peresenti ya zazikazi zotsala zinali zopanda minyanga. Izi anazifalitsa mu 2021 a Shane Campbell-Staton, a Joyce Poole ndi anzawo m'magazini ya Science. Mfuti sinalenge jini yatsopano, inangosankha yoti ikhale ndi moyo n'kubereka.

Wa ku labotale:
Funso lanu lachiwiri ndiye lokoma. Yankho lili pa chromosome X (ma chromosome ndi timaulusi ta m'maselo tomwe timanyamula majini). Yaikazi ili ndi ma X awiri, yamphongo ili ndi X imodzi ndi Y. Ofufuza aja anayerekeza DNA ya zazikazi 18, za minyanga ndi zopanda, ndipo majini awiri anaonekera: AMELX, yomwe ili pa X, ndi MEP1a. Onse awiri amakhudza kapangidwe ka mano, ndipo musaiwale kuti mnyanga ndi dzino lakutsogolo la m'mwamba lomwe limangokula moyo wonse.

Tsono werengani motere. Mayi wopanda minyanga ali ndi X imodzi yosinthika ndi ina yabwinobwino. Pa mimba zinayi, mwa chiyerekezo, imodzi ndi mwana wamkazi wa minyanga, ina wamkazi wopanda minyanga, ina wamphongo wa minyanga. Yachinayi ndi wamphongo amene walandira X yosinthika, ndipo alibe X ina yomuphimbira. Zikuoneka kuti ameneyu amafera m'mimba. Umboni wake ndi woti pa ana atatu obadwa kwa amayi opanda minyanga ku Gorongosa, awiri amakhala aakazi, ndipo mwa ana aakaziwo pafupifupi theka amamera minyanga.

Kutaya mimba imodzi mwa zinayi si nkhani yaing'ono kwa nyama yomwe bere lake limatenga miyezi 22. Kupha kukaleka, khalidweli limayamba kubwerera pansi. Mwa zazikazi zobadwa nkhondo itatha, zopanda minyanga zinali 33 peresenti.

Woyang'anira nyama ku Chigwa:
Kuno ku South Luangwa, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, zinachitikanso. Zazikazi zopanda minyanga zinali pafupifupi 10 peresenti mu 1969, n'kufika 38 peresenti mu 1989, zaka zomwe opha njovu mozembera malamulo anavuta kwambiri m'chigwachi.

Koma tisathamangire kunena kuti paliponse pomwe zachuluka ndiye kuti mfuti inasankha. Ku paki ya Addo, ku South Africa, pakiyo pokhazikitsidwa mu 1931 munatsala njovu 11 zokha. Cha m'ma 2000, zazikazi 98 pa 100 zinalibe minyanga, chonsecho zinali zotetezedwa zaka zonsezo. Kumeneko chachikulu chinali kuchepa kwa makolo ndi kuberekana pachibale: gulu likachepa chonchi, jini imatha kufalikira mwangozi chabe. Zifukwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo wofufuza wabwino amayamba wafunsa mbiri ya gululo.

Kwa amene mukufuna kuwerenga nokha njovu zopanda minyanga kutchire, pomwe anthu amalakwitsa ndi apa. Ana osakwana zaka zitatu musawaike m'chiwerengero, chifukwa minyanga yawo imakhala isanatuluke bwino pa mlomo. Dziwani kaye kuti ndi yaikazi: chipumi chake chimakhala chosongoka mukaiona cham'mbali, pomwe cha yamphongo n'chozungulira, ndipo mawere ali pakati pa miyendo yakutsogolo. Ijambuleni mbali zonse ziwiri, apo ayi ya mnyanga umodzi mudzailemba ngati yopanda. Mnyanga wothyoka umasiya chitsa kapena chotupa pomwe unamera, koma yobadwa yopanda khungu lake limangotsetsereka. Njovu iliyonse izindikireni ndi mabowo ndi mong'ambika mwa makutu kuti isawerengedwe kawiri. Pomaliza gawani za msinkhu: zazikulu zomwe zinapulumuka nthawi yakupha pazokha, zobadwa pambuyo pazokha. Mukaphatikiza, simungaone ngati khalidweli likukwera kapena likutsika.

Wophunzira wa Fomu 4:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga yopanda minyanga imavutika ndi chiyani kutchire?

Woyang'anira nyama ku Chigwa:
Imavutika kwambiri m'chilimwe. Minyanga ndiyo yokumbira madzi mu mchenga wa mitsinje youma, yofukulira dothi la mchere, ndiponso yosendera makungwa a mitengo monga mlambe. Yopanda minyanga imadalira chitamba ndi mapazi, kapena kudikira zinzake zitsegule. Zitsime zomwe njovu zimakumba amamwamonso anyani, njiri ndi nswala, choncho zokumba zikachepa, nyama zimenezinso zimayenda mtunda wautali kufuna madzi.