Za funso lija la kuphatikiza GHRH ndi GHRP-6

Ndinafunsa pano ngati n'zoona zomwe anyamata a ku jimu amanena, zoti ukaphatikiza mapeptayidi awiriwa (mankhwala obaya otchedwa GHRH ndi GHRP-6) thupi limatulutsa growth hormone (homoni yokulitsa thupi) yambiri kuposa ukabaya imodzi. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Mbali imeneyo ndi yoona. GHRH imauza pituitary, kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, kuti itulutse homoniyi. GHRP-6 imadutsira njira ina, ya ghrelin, homoni ya m'mimba yoyambitsa njala yomwe inatulukiridwa ku Japan mu 1999, ndipo imafooketsanso somatostatin, homoni yomwe ili ngati buleki ya growth hormone. Mu 1990 Cyril Bowers wa ku Tulane University ndi anzake anaonetsa kuti GHRH ndi GHRP-6 zikabayidwa pamodzi mwa anthu, growth hormone imakwera kuposa mphamvu za chilichonse ukaziwonkhetsa.

Koma kuchipatala kuphatikizaku kwakhala njira yoyezera: kubaya kamodzi, kutenga magazi kangapo, n'kuona ngati pituitary ikugwira ntchito. Si kubaya pamimba usiku uliwonse kwa miyezi.

Chikundidetsa nkhawa ndi timabotolo ta ufa woyera togulidwa pa intaneti, tolembedwa kuti n'tongofufuzira, osati ta anthu. Palibe akutsimikizira zomwe zili m'katimo. GHRP-6 imabweretsa njala yoopsa, ndipo growth hormone ikachuluka shuga amakwera, mapazi amatupa, zala zimachita dzanzi. Ochita mipikisano dziwaninso kuti WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu pamasewera, inaletsa zonsezi.

Ine sindigula. Mng'ono wanga, amene anandiyambitsa nkhaniyi, ndamupempha kuti ayezetse shuga kaye ndipo akaonane ndi dokotala.