Alamu anga anagundidwa ndi lole ali pa njinga: kodi wolakwa ndani ndipo wolipira ndani?

Mlimi wa ku Chonde:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a pamsewu. Alamu anga, omwe amachita kabaza wa njinga yakapalasa pa Chitakale, anagundidwa mwezi wathawu ndi lole yaing'ono ya kampani ina pamene ankabwerera kunyumba chakumadzulo, kukuyamba kuda, atanyamula thumba la chimanga. Loleyo inkachokera kumbuyo kwawo, ndipo pofuna kuwapitirira inawakankha ndi m'mbali mpaka anagwera m'ngalande nathyoka mwendo. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu ndipo mpaka pano akuyendera ndodo. Tinamva kuti dalaivala analipira chindapusa, koma ife sitinalandire kalikonse. Tsopano bwana wa kampaniyo watumiza munthu ndi K250,000 ya chipepeso pamodzi ndi kalata yoti alamu asayine. Akuti tikapita kukhoti tikagonja chifukwa njingayo inalibe nyali kapena chonyezimira kumbuyo, ndipo n'zoona kuti inalibe. Kodi tingolandira?

Kalaliki Wopuma, Luchenza:
Achimwene, pepani ndi zovutazo, koma kalatayo musasayine musanaionetse kwa wodziwa malamulo, chifukwa makalata otere kawirikawiri amanena kuti wovulala walandira zonse ndipo sadzadandaulanso.

Pali milandu iwiri yomwe anthu ambiri amaisokoneza. Chindapusa chija ndi chilango cha boma kwa dalaivala chifukwa chophwanya malamulo a pamsewu, ndipo ndalama yake imapita kuboma. Chipukuta misozi ndi mlandu wina, womwe wovulala amayambitsa yekha, ndipo mumlanduwo khoti limafunsa ngati dalaivala anayendetsa mosamala monga momwe dalaivala wanzeru akanachitira pamalopo ndi pa nthawiyo. Amene akupitirira njinga ali ndi udindo wochepetsa liwiro ndi kusiya mpata wokwanira, makamaka pamsewu wa Mulanje pomwe aliyense akudziwa kuti madzulo njinga zimakhala zambiri ndipo zimakhala zitasenza katundu.

Za nyali, bwanayo akunena choona chochepa kuti akuopsezeni. Khoti likapeza kuti wanjinga nayenso anathandizira kuti ngozi ichitike, silimuthamangitsa chimanjamanja. Limagawa kulakwa n'kuchotsera pa chipukuta misozi. Mwachitsanzo, likaona kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a kulakwako ndi la alamu anu, iwo adzalandira magawo atatu otsalawo. Komanso ngati kunali kusanade kwenikweni, nkhani ya nyaliyo imapepuka kwambiri, choncho ola lenileni la ngoziyo ndi lofunika.

Wolipira si dalaivala yekha ayi. Ngati anali pa ntchito ya kampani, kampaniyo imayankha pa kusasamala kwa wantchito wake. Kuwonjezera apo, lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene angavulazidwe, ndipo gawo 148 limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji. Dziwani kuti ufulu umenewu umatha pakadutsa zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi, pamene mlandu wosumira dalaivala kapena mwini galimoto chifukwa cha kuvulala uli ndi malire a zaka 3. Inshuwalansi imalipira kufika pa malire olembedwa pa pangano lake, ndipo zotsala zimagwera mwini galimoto.

Dalaivala wa Limbe–Muloza:
Sindikutsutsa zomwe abambo a ku Luchenza anena, koma ndiloleni ndilankhulireko ife ogwira chiwongolero. Pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, nkhungu ikatsika, munthu wa njinga yopanda chonyezimira umamuona utamufika kale, ndipo ena amakhota osatambasula mkono, ena amayenda kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto. Si ngozi iliyonse yomwe wolakwa ndi wagalimoto. Komabe pa nkhani iyi, ngati loleyo inawakhudza ndi m'mbali, ndiye kuti dalaivala anawaona ndipo anayesa kudutsa popanda mpata wokwanira. Mfundo imeneyi muigwiritse.

Mayi a Bvumbwe:
Mwamuna wanga anakumana ndi zofananazi, ndipo chomwe chinatithandiza ndi mapepala. Katengeni lipoti la apolisi, lomwe limakhala ndi nambala ya galimoto, dzina la mwini wake ndi kampani ya inshuwalansi. Katengeninso lipoti la dokotala lofotokoza kukula kwa kuvulalako ndi kulumala komwe kungatsalire. Sungani malisiti onse a mankhwala ndi a mayendedwe, chifukwa ndalama zimene mwawononga khoti limafuna umboni wake, pamene za ululu ndi kulephera kugwira ntchito limayeza lokha potengera milandu ina yofanana. Njingayo musaikonze msanga. Ijambuleni kaye momwe inapindikira, ndipo lembani mayina a amene anaona ngoziyo asanaiwale.

Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala n'kumalonjeza kukupezerani loya. Ife tinatsala pang'ono kupereka mapepala athu kwa mmodzi wa iwo. Pitani nokha kwa loya ndipo mugwirizane polemba za malipiro ake, kapena ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Mlimi wa ku Chonde:
Zikomo nonse. Vuto ndi lakuti pakhomo pa alamu palibe chakudya ndipo mlandu ungatenge nthawi. Kodi sitingalandire ndalamayo osasayina?

Kalaliki Wopuma, Luchenza:
Mungathe kulandira ngati a kampaniwo avomera kuti palembedwe momveka bwino kuti ndi thandizo loyamba chabe, osati malipiro otsekera nkhani, ndipo inu musunge pepala lanu losayinidwa ndi mbali zonse pamaso pa mboni. Ndalamayo idzachotsedwa pa zomwe alamu adzalandire pambuyo pake. Akakana kulemba choncho, abwezereni envulopu yawo, ndipo Lolemba m'mawa mukayambe ndi kupolisi kukatenga lipoti lija.