Milamba yanga ija yayambanso kunenepa

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chimene milamba ya m'damu langa kuno ku Mchinji inkawondera, chonsecho madeya ndi soya sindinkaumira. Ndinatsatira malangizo a bambo aja amene anati ndilawe madzi a pamjigo omwe ndinkathiramo. Analidi amchere, ndipo m'mphepete mwa damu munkatuwa mbuu dzuwa la Okutobala likaphwetsa madzi. Alangizi anandiuza kuti mchere ukachuluka nsomba imadya pang'ono, mphamvu n'kumathera polimbana nawo m'malo mopanga mnofu ndi mafuta.

Ndinayamba kulowetsa madzi a mumtsinje pang'onopang'ono. Dzulo nditatumbula umodzi, mtima unakhala pansi: m'mimba mafuta ali tho! Anzanga a madzi amchere, yambani ndi makumba, amapirira kuposa milamba.