Archie Camden anali ndani pa chitoliro cha bassoon?

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha kuti mundifotokozere chifukwa chimene dzina la Archie Camden limatchukira pakati pa oimba chitoliro chachitali cha bassoon.

Nambewe: Bambo ameneyu anabadwira ku England mu 1888 ndipo anamwalira mu 1979. Anaimba zaka zambiri m'gulu la Hallé mumzinda wa Manchester, kenaka mu 1933 analowa gulu la BBC Symphony Orchestra ku London.

Wachikulire: Chachikulu kwa ine n'chakuti iye ankaimba chitoliro cha mtundu wa ku Germany pamene anzake ambiri ku Britain ankakonda cha ku France, ndipo patapita nthawi ambiri anatsatira njira yakeyo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, ndamvetsa tsopano.