Nthochi ilibe njere, ndiye kuti ilibe bambo?

MayiWaKuChibavi:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga ali folomu 3, dzulo akuwerenga Biology wandifunsa kuti amama nthochi imaswana bwanji poti mkati mulibe njere, ine ndangoti imaphuka ana pansi basi. Akuti ndiye kuti ilibe bambo? Ndinaseka koma usiku zandikhala m'mutu. Kuseli kwa nyumba tinali ndi kabuthu, mtundu uja wa nthochi, amene tinakatenga kwa achemwali ku Nkhata Bay, masamba anayamba kutuluka ang'onoang'ono opanikizana pamwamba ataima njo ngati tsache, mkoko osatulukanso. Tinazula ana ake kukabzala pena, nawonso chimodzimodzi. Kodi zikugwirizana ndi zopanda bambozi kapena ndi dothi la kuno?

Mlangizi_Luwinga:
Mayi dothi musalinamizire, chimenecho ndi chisaka, matenda a nthochi oyamba ndi vairasi. Ndipo mwana wanuyo wafunsa funso lenileni. Mwana wa nthochi amene mumazula pansiyo si mwana ngati wanu amene anatengako kwa inu kwinaku kwa bambo ake, ameneyo ndi mayi yemweyo wangotuluka pena, fotokope. Ngati mayi ali ndi vairasi ndiye kuti ana onse pa tsinde limenelo ali nayo kale ngakhale akuoneka obiriwira bwinobwino, ndiye inu munangosamutsa matenda ndi khasu lanu lomwe. Ndi m'mene chisaka chinathera nthochi ku Nkhata Bay ndi ku Thyolo, anthu kupatsana mbewu mwachikondi, lero tikugula za ku Tanzania mumsika mwathu muno.

Tsono chodabwitsa nachi. Chimene chimanyamula vairasiyi kuchoka pa nthochi ina kupita pa ina ndi tinsabwe takuda, kasendeni khungwa m'munsi mwa tsamba mutiona titaunjikana, nyerere zili piringupiringu kunyambita timadzi totsekemera timene timatulutsa. Tinsabwe timeneti natonso sitifuna mwamuna! Takazi tokhatokha, sitiikira ndi mazira omwe, timangobereka tiana tamoyo, ndipo kamwanako pobadwa kamakhala kali kale ndi tiana m'mimba. Kamodzi kokha kakafika pa nthochi yanu kakwana kuyambitsa mudzi.

Mzuni_BioGuy:
Kuwonjezera pa zomwe anena akuluwa. Nthochi zakutchire ku Asia njere zilimo, zakuda zolimba zoti mutha kuthyola dzino. Timadontho takuda mumationa pakati pa nthochi yakupsa ndi totsalira take. Anthu akale ankasankha zopanda njere n'kumabzala mphukira zake, ku Papua New Guinea akhala akulima nthochi zaka pafupifupi 7,000.

Ubwino wake ngwachangu, sudikira mungu, sudikira njuchi, komanso kukoma sikusintha. Koma matenda amasintha tsiku ndi tsiku pomwe iwe uli yemweyo. Kukwerana kumasakaniza, ana khumi amabadwa osiyana ndiye mliri ukabwera ena amapulumuka. Cha m'ma 1950 nthochi yomwe inkapita ku America ndi ku Ulaya inali mtundu umodzi, Gros Michel, matenda a Panama anaipululiratu m'minda yonse ikuluikulu mpaka anasinthira ku Cavendish, banja lomwelo la kabuthu wanuyo. Pano kwabwera mtundu wina wa matendawa, TR4, umene ukugwiranso Cavendish, unapezeka ku Nampula ku Mozambique mu 2013, apa pompa.

Ndipo si zomera zokha, mumuuze mwanayo kuti njuchi yamphongo imaswedwa ku dzira lomwe silinakumane ndi umuna, ili ndi mayi koma bambo ilibe. Mu 2006 ku Chester Zoo ku England buluzi wamkulu uja wa Komodo anaikira mazira okhala ndi ana asanakhalepo ndi wamphongo.

Kondowole4Life:
Hahaha amuna tathera pompa. Koma a BioGuy musanyoze kwambiri, ife kunyanja tadya chinangwa chodula timitengo kuyambira agogo athu ndipo tilipo. Inu mukabzale njere ya chinangwa muone, chimatuluka chimene chafuna, mwina chowawa mwina mizu ngati zala. Kamtengo ndiye sikanama, wadula chokoma ukolola chokoma. Kholowa chimodzimodzi, nzimbe chimodzimodzi. Agogo anga chomwe ankachita samabzala mtundu umodzi m'munda, ndipo chinangwa chongomera chokha cha njere samachizula msanga, ankati tichione kaye. Chikabereka bwino amadula mitengo yake n'kuchipatsa dzina.

Mlangizi_Luwinga:
Agogo anuwo ndiye ankadziwa. Koma chinangwa chimapangabe maluwa ndi njere, khomo lilipo. Kabuthu alibe kothawira. Khate la chinangwa nalonso limayenda m'timitengo tomweto, podula mbewu muziyang'ana masamba.

MayiWaKuChibavi:
Yewo nonse, mwana wakopera zonse mpaka za buluziyo. Ndiye ndipopere mankhwala anji kuti zichire?

Mlangizi_Luwinga:
Sizichira mayi, pepani. Iphani kaye nsabwezo zisathawire kwa aneba, kenako kumbani tsinde lonse ndi ana omwe, muduledule ziume, pakaphuka kena kumbaninso. Mbewu yatsopano kafunseni alangizi kapena ku Lunyangwa, kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Mzuzu, kwa achemwali kuja musakatengekonso.