Makina akale oyezera mavalavu: ndiwayatse motani kuti asapse?

WaMpondasi

Moni kwa nonse akuluakulu. Ndimakonza mawailesi mongokonda kuno ku Mangochi, ndipo m'katundu amene anasiya malemu malume anga ndapezamo zipangizo ziwiri za kampani ya Heathkit ya ku America: TC-2 yoyezera mavalavu (timachubu tagalasi ta m'mawailesi akale), ndi V-7A, mita yoyezera mavolti imene nayonso imayendera mavalavu. Zakhala m'bokosi nthawi yaitali, moti m'kati mwa chimodzi mavu anamangamo zisa zadothi. Ndikufuna kuyezera mavalavu a wailesi ya Saucepan Special, ija ya Ever Ready imene inafika m'chigawo chino cha Africa mu 1949. Kodi ndingangozilumikiza kumagetsi, kapena pali zoyenera kuyamba?

Che Valavu wa ku Namwera

Achimwene, chonde musazilumikize. Choyamba werengani zolembedwa kumbuyo kwake, chifukwa zipangizo za ku America za nthawi imeneyo zinapangidwira magetsi a mavolti pafupifupi 117, pomwe athu kuno ndi 230, ndipo thiransifoma yake ikapsa simudzaipeza pashopu iliyonse m'dziko muno. Mufunika thiransifoma ina yotsitsa mphamvu. Dziwaninso kuti magetsi athu ndi a 50 Hz pomwe a ku America ndi a 60 Hz, zimene zimachititsa thiransifoma zina kutentha kuposa mmene zinayenera, ndiye ndi kutentha kwa kunyanja kuno m'mwezi wa Okutobala musazisiye zoyaka tsiku lonse.

Koma chimene chimapha zipangizo zoterezi kwambiri ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi. Aja apepala okutidwa ndi phula amayamwa chinyezi n'kuyamba kudutsitsa magetsi, ndipo aja amadzi m'kati amauma, moti ine ndimasintha onse ndisanayatse, ngakhale akuoneka bwino. Tsegulaninso V-7A muone batire laling'ono la mavolti 1.5 limene mita imagwiritsa ntchito poyeza ma resistor, tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa; kawirikawiri limapezeka litaphulika, zoyera ngati mchere zitadya kasipuling'i kolipanikiza. Mukamaliza zonsezi, poyatsa koyamba ikani babu lachikale la waya woyaka, la mawati 40 kapena 60, pamzere wa magetsi olowa m'chipangizocho, kuti magetsiwo azidutsa kaye m'babulo. Babu likangoyaka pang'ono n'kuzilala, zili bwino. Likawala kwambiri osasintha, zimitsani msanga chifukwa penapake pagundana.

Mphunzitsi Wopuma

Ndikugwirizana ndi zimene anena a Che Valavu, koma ndikufuna musayembekezere zambiri kwa TC-2. Makina amenewa amangoona ngati valavu ikutulutsabe ma electron okwanira, muvi n'kuloza kobiriwira kapena kofiira, pomwe ntchito yeniyeni ya valavu ndi kukuza mawu. Makina odula monga Hickok, TV-7 ya asilikali a ku America, kapena AVO ya ku Britain, ndi amene amayeza mmene magetsi otuluka akusinthira mukasintha pang'ono mavolti pa grid, kawaya ka m'kati mwa valavu kolamulira magetsi odutsa. Valavu itha kukhoza mayeso a TC-2 koma n'kumalira mofooka m'wailesi, ndipo ina yolephera itha kugwirabe ntchito zaka zambiri, choncho musataye valavu chifukwa cha muvi wokha. Kwa ine chuma chenicheni pa ziwirizo ndi V-7A, chifukwa poyeza DC (magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire) imakhala ndi ma megohm 11 otchinga magetsi, motero siiba magetsi a pamalo amene mukuyeza monga zimachitira mita zakale zamuvi wamba.

Che Valavu wa ku Namwera

Aphunzitsi anena zoona, komabe TC-2 sindingaichepetse chotero. Kababu kake ka neon kamaonetsa ngati zitsulo za m'kati mwa valavu zagundana, ndipo vuto limenelo ndi limene limaotcha zinthu zina m'wailesi. Chimene ndikukupemphani kwambiri, achimwene, ndi kusamala ndi chosankhira mavolti otenthetsera kawaya ka m'kati mwa valavu. Mavalavu a mawailesi a batire monga Saucepan amayaka ndi mavolti 1.4 okha, ndipo kawaya kake n'kopyapyala kwambiri, moti mukaiwala chosankhira chili pa 6.3 kamaduka nthawi yomweyo. Pepala lopindika la m'makinawo, losonyeza mmene mungachunire poyeza valavu iliyonse, lilinso ndi mayina a ku America okha, ndiye valavu ya DK91 muifune pa 1R5, DF91 pa 1T4, DAF91 pa 1S5, monganso ECC83 imalembedwa 12AX7 ndipo EL84 imalembedwa 6BQ5.

WaMpondasi

Zikomo kwambiri nonse awiri. Kumbuyo kwalembedwadi mavolti a ku America, ndipo batire la mu V-7A ndalipeza litadya chitsulo monga munanenera. Ndiyamba ndi kuchotsa dothi la mavu, kutsuka masoketi ndi kusintha makapasita, ndipo mavalavu a Saucepan ndiwayeza kaye ndi mita ya masiku ano kuti ndione ngati kawaya kotenthetsera sikanaduke, TC-2 isanawakhudze.